Alipo anafikako ku Kubu Island pa galimoto? Ndikufuna kudzera kumeneko popita kumudzi

BamboAkeTada:

Akuluakulu moni nonse. Pali nkhani yandisowetsa tulo masabata angapo tsopano nde ndati ndifunse, mwina alipo anayendako. Ine ndimakhala ku Joni chaka cha 11 chino ndipo ulendo uliwonse wopita kumudzi ku Mchinji njira yake ndi imodzimodzi, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete kenako Dedza, kufika thupi lonse lili zii, ana osaonako kanthu koma mizere ya pa boda basi. Ulendo uno ndaganiza zodzera ku Botswana, kukawoloka pa mlatho wa Kazungula, Livingstone, Lusaka, Chipata nkukalowera pa Mwami poti kwathu nkomweko, kungodutsa boda tafika.

Koma chimene chandigwira mtima kwenikweni ndi malo ena ake amati Kubu Island, ku Makgadikgadi. Bwana wanga wakale anali ndi chithunzi chake mu ofesi, miyala ikuluikulu ndi milambe ndipo kuzungulira konseko kuli mbee ngati wina wamwaza ufa woyera mpaka kumene maso alekezera. Chichokereni nthawi imeneyo mtima sunakhazikike, ndimafuna ana anga akagone panja tsiku limodzi aone nyenyezi mmene tinkazionera ife kumudzi magetsi asanabwere, poti kuno ku Tembisa kumwamba kumangooneka utsi.

Pulani yanga ili chonchi. Kunyamuka pa Isitala mu April, kulowera pa Martin's Drift, Palapye, Serowe, kugona ku Letlhakane, mmawa kulowa msewu wafumbi mpaka ku Kubu, kugona masiku awiri mu tenti, kenako kupitirira chakumpoto kukatulukira ku Gweta, Nata, Kazungula. Galimoto ndi Fortuner ya dizilo koma si 4x4, ndi 4x2 ya diff lock. Tilipo anayi, ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri, wazaka 12 ndi wazaka 7. Ndipo ndinene chilungamo, kumbuyo kudzakhala kathirela chifukwa mukudziwa kupita kumudzi chimanjamanja sizitheka, muli filiji ya amayi, njinga ziwiri ndi ma bag a zovala.

Nde funso langa, galimoto imeneyi ingafike? April ali bwino? Madzi ndi dizilo ndinyamule zochuluka bwanji? Nanga usiku kulibe zilombo zoti nkuopsa ana? Chonde amene munafikako ndithandizeni maganizo, ndisanalipire kalikonse.

MadalaWaHilux:

Achimwene, ndawerenga kawiri ndipo ndikuyankheni mosabisa mawu chifukwa mwatchula ana. Malo mwasankhawo ndi abwino zedi, ndinafikako kawiri ndipo ndikadali ndi mtima wobwererako. Koma pa pulani yanuyo pali zinthu zitatu zimene zikakumana pamodzi zitha kukugonekani mchipululu, April, thirela ndi kuyenda galimoto imodzi.

Tiyambe ndi nthaka yake. Kubu ili mmphepete chakumadzulo kwa Sua Pan (pan ndi chidambo chachikulu cha mchere), ndipo dera lonselo kalekale inali nyanja yaikulu kuposa nyanja yathu ya Malawi, inaphwa nkusiya mchere. Choyera munaona pa chithunzicho ndi kachikhungwa chabe, ngati nkhoko za mumphika, pansi pake ndi matope amadzi. Amene anaonapo Chilwa itaphwa akundimva, pamwamba ming'alu gwa koma kuponda mwamphamvu mwendo walowa. Mvula kumeneko imagwa kuyambira cha mu November mpaka March, ndiye madzi ena amabwera ndi mitsinje ngati Nata wochokera ku Zimbabwe, nde mu April pamwamba pamakhala patauma kunamiza maso pomwe pansi padakali phala. Chaka cha mvula yambiri ngakhale May ndi wokaikitsa.

Ine zinandionekera mu May momwemo. Tinali awiri ndi mlamu wanga pa Hilux ya 4x4 yeniyeni, matayala atsopano, tikuchokera ku Mmatshumo. Njira imatsika kachitunda kenako imayenda mmphepete mwa pan, pena mu udzu pena pa mchere, ndipo inali yokumbika kwambiri mwakuti galimoto imangodumpha. Ndinaona kumanja kuli see ngati bwalo la ndege, ndinaonanso mikwingwirima ya matayala a munthu wina yolowera komweko, ndinati bola ndidule apa. Sitinayende ndi mamita 300 omwe. Poyamba ndinangomva injini ikulemera, chiwongolero kufewa, ndisanaganize nkomwe zobwerera galimoto inakhala pansi mpaka ma diff onse awiri. Ndinalakwitsanso kuponda mafuta mwamphamvu, matayala anangokumba manda ake.

Matope ake ndi otuwa, oterera ngati sopo, onunkha ngati dzira lovunda, ndipo ukakumba dzenje limadzadza madzi amchere ukuona. Jeke tinaika inangomira. Tinachotsa sipeya nkuigoneka pansi kuti jeke ikhale pamwamba pake, ndi mmene galimoto inayamba kukwera pang'onopang'ono, koma choika pansi pa matayala kunalibe, kulibe mwala kulibe mtengo, tinayenda wapansi kukazula udzu kumtunda nkumanyamula mu bulangete. Manja onse anang'ambika ndi mchere. Tinatitimira cha mma 11 mmawa, dzuwa linalowa tili pompo, foni yopanda netiweki ndi kadontho komwe, ndipo tsiku lonselo sipanadutse galimoto ngakhale imodzi. Madzi tinali ndi malita 25, pofika mmawa anatsala osakwana 10 chifukwa munthu ukamakumba padzuwa umamwa ngati ng'ombe.

Anatipulumutsa ndi mnyamata woweta ng'ombe amene anationa patali ali pa bulu, anapita kukauza anthu ku khola kwawo, masana kunabwera Land Cruiser yakalekale. Dalaivala wake sanayerekeze kuyandikira, anaima pouma nkulumikiza zingwe zitatu ndi tcheni kuti zitifike. Anatiuza mawu amene sindiiwala, kuti mikwingwirima yolowa mu pan musamaikhulupirire ngati simunaone pamene yatulukira.

Tsono taganizani zimenezo muli ndi mwana wazaka 7, galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo okha, kumbuyo kuli filiji. Diff lock imathandiza tayala limodzi likapachikika mmwamba koma onse awiri akalowa mmatope ilibe ntchito. Thirela ndiye nangula weniweni, pa mchenga imakukokerani pansi ndipo pofuna kubwerera chambuyo imapindika. Komanso mabampu a msewu umenewo filijiyo ikafika ku Mchinji gasi atathawa.

Maganizo anga, sunthani ulendowu ufike July kapena August, thirela muisiye ku Letlhakane pamalo pamene mwagonapo mukapangane nawo akusungireni, mulowe ndi kutuluka njira yomweyo ya ku Mmatshumo, ndipo mupeze galimoto yachiwiri ya 4x4 yoyenda nayo limodzi. Njira ya ku Gweta ija iwalani kaye, ndi yaitali kwambiri, ili ndi mchenga wakuya komanso tinjira tambirimbiri ta ku makola timene timasocheretsa ngakhale anthu a GPS.

NaphiriWakuFrancistown:

Bambo a Tada, zimene anena madalawa ndi zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera mbali ya kugona ndi ana poti ife tinapitako ndi banja mu July, galimoto ziwiri, ndipo ine ndi amene ndinalongedza katundu.

Choyamba dziwani kuti kumene kuja kulibe madzi ngakhale dontho, kulibe shopu, kulibe magetsi, kulibe bafa. Chilipo ndi malo omangapo tenti pansi pa mitengo ndi zimbudzi zokumba basi. Amayang'anira ndi anthu a mmudzi wa Mmatshumo kudzera mu bungwe lawo la Gaing O Community Trust, nde bukani msanga makamaka nthawi ya holide ya sukulu chifukwa malo ake ndi owerengeka, ndipo mutenge ma pula apamanja. Zonse mugule ku Letlhakane, kuli mashopu akuluakulu ndi ma filling station, thanki mudzadze mpaka pakamwa ngakhale mtunda ukuoneka waufupi chifukwa mu mchenga galimoto imamwa mafuta kuposa pa tala.

Madzi ife tinawerengera malita 5 munthu mmodzi pa tsiku akumwa ndi kuphikira, kenako tinawonjezera a masiku awiri ena ongosungira ngozi. Inu anayi masiku awiri musatsike pa malita 80, ndipo muwagawe mu zigubu zingapo, osati chimodzi chachikulu, chifukwa chathu china chinabooka ndi kugwedezeka tinangopeza kapeti yanyowa. Zosamba muiwale, kansalu konyowa nkokwanira. Ine nsima ndinaphika ndithu, pa kasitovu ka gasi, ndi usipa ndi nyemba zamchitini, koma mphepo yake imazimitsa moto nde muimike galimoto mbali imene ikuchokera. Mphika ndimapukuta ndi pepala kaye ndisanathire madzi. Nkhuni mugule panjira, pa chilumbapo salola kutola.

Chimene anthu sakhulupirira ndi kuzizira. Masana mu July kuli bwinobwino, kadzuwa kokoma, koma dzuwa likangolowa kumazizira kuposa Dedza mu June, mbandakucha madzi a mu beseni amachita kuuma pamwamba masiku ena. Mphepo yozizira imachokera pansi, ndiye matiresi opopa okha sakwanira, muyale bulangete pansi pake ndi pamwamba pake, ana avale zipewa ndi masokosi pogona. Wanga wamng'ono usiku woyamba analira ndi kuzizira mpaka tinakamugoneka mgalimoto. Zikhomo za tenti mutenge zolimba ndi hamala, nthaka yake ndi youma gwa ndipo mphepo ikayamba tenti yosakhoma bwino imauluka.

Za zilombo musade nkhawa kwambiri, Kubu siili mkati mwa paki ngati Nxai Pan. Ife tinangomva nkhandwe usiku ndi kuona mapazi a fisi mmawa. Choopsa chenicheni ndi zinkhanira, ana asayende opanda nsapato kukada, asatembenuze miyala, nsapato zigone mu tenti ndipo muzikutumula musanavale. Aliyense akhale ndi tochi yake.

Komanso chonde, malo aja ndi olemekezeka kwa eni dera, anthu amapitako kukapemphera ndi kusiya nsembe, ndipo boma linawaika mgulu la malo otetezedwa. Kuli mpanda wakale wamiyala umene akatswiri amaulumikiza ndi anthu a Great Zimbabwe, kuli timiyala tozungulira tosalala timene mafunde anasula nthawi imene kunali nyanja, ndipo pa miyala ina pali zoyera zimene ndi zitosi zakalekale za mbalame za mmadzi. Ana amafuna kutola nkuika mthumba, muwaletse. Osalembanso maina pa milambe. Milambe yake ndi yosiyana ndi ya ku Mangochi, ndi yaifupi yonenepa, yopindikapindika, khungwa lofiirira, ndipo dzuwa likamalowa imachita kuyaka. Ine ndinakulira pakati pa milambe ku Balaka koma pamenepo ndinakhala chete nthawi yaitali. Usiku tinayenda pang'ono kulowa pa mchere nkuzimitsa matochi, kunali zii moti umamva mtima wako ukugunda, nyenyezi mpaka pansi mbali zonse. Ngati cholinga ndi nyenyezi musankhe masiku amene mwezi uli mumdima.

Za mapepala musaiwale, Botswana imafuna ma birth certificate a ana osakwana zaka 18 pa boda, ndipo kholo likakhala limodzi pamafunikanso kalata yolumbira ya kholo linalo. Galimoto ngati ikadali pa ngongole mutenge kalata ya ku banki yololeza kutuluka nayo, ndi mapepala a thirela omwe.

Thanka_Dalaivala:

Ine ku Kubu sindinafikeko, thanka singalowe kumeneko, koma msewu wa Nata mpaka Kazungula ndimaudya mwezi ndi mwezi nde ndinenepo za umenewo. Ndi makilomita pafupifupi 300 ndipo pakati pake malo odalirika ndi Pandamatenga basi. Musayende usiku aise, ndikubwerezanso musayende usiku. Njovu zimaima pakati pa msewu ndipo khungu lake silibweza kuwala kwa malaiti, umangoona mdima ukusuntha uli kale pafupi. Cha ku Serowe ndi Letlhakane vuto ndi ng'ombe ndi abulu, zimagona pa tala chifukwa pamafunda. Nyamukani Nata mmawa, pa mlatho mukafika masana bwinobwino, ndipo chitsegulireni mlathowu mu 2021 zonse za ma boda awiri zimachitikira malo amodzi, si za pantoni zakale zija tinkagona masiku.

Chinanso ndi mageti a zanyama. Botswana ili ndi mipanda italiitali yoteteza ng'ombe ku matenda a zilonda za mkamwa ndi mmapazi, nde pa geti amatsegula cooler box, nyama yaiwisi amalanda makamaka ukamachokera kumpoto kupita kummwera, pena amakuuza utsike uponde pa mankhwala ndi nsapato zonse. Njira ya ku Kubu nayo ndikumva ili ndi mageti otero. Musakangane nawo, ndi ntchito yawo, ng'ombe kumeneko ndi chuma cha dziko.

Koma pa nkhani ya 4x2 ine ndisiyana pang'ono ndi madala. Eni dera amayenda ndi ma bakkie wamba mmakola monsemo. Nthawi youma, galimoto yopepuka, matayala ataphwetsedwa, Fortuner ikhoza kufika kuchokera ku Mmatshumo. Nkhani ndi dalaivala.

MadalaWaHilux:

A Thanka simukunama, amafika ndithu, inenso ndinakumana nawo. Koma eni dera aja amadziwa kuti pakadutsa mtengo wakuti pali mchenga, amadziwa khola lili pati, ndipo akatitimira mbale wawo amabwera ndi abulu. Mlendo ali ndi ana alibe zonsezo. Nchifukwa chake ndikukakamira galimoto yachiwiri, ikakhalapo 4x2 ndilibe nayo vuto mu July.

Poti mwatchula zophwetsa matayala ndifotokoze bwino, anthu ambiri amaopa. Mukangosiya tala ku Mmatshumo tsitsani mpweya ufike cha pa 1.6 bar, mchenga ukakula mutha kufika 1.2 koma pamenepo osathamanga komanso osakhota mwadzidzidzi, tayala limavuka pa rimu. Tayala lofewa limatambalala nde limayandama mmalo mokumba, ndiponso mabampu amachepa. Ndiye mukhale ndi kompuresa yolumikiza ku batire ndi geji yake, chifukwa kubwerera pa tala ndi matayala ofewa ndi kuwaphulitsa. Pa mchenga giya yachiwiri, mafuta osasinthasintha, osaima pakati. Mukamva yayamba kukumba chotsani phazi msanga, tsikani, fosholo, chotsani mchenga kutsogolo kwa matayala onse, phwetsaninso pang'ono. Mutenge fosholo yeniyeni ya chigwiriro chachitali, thabwa lochindikala loika pansi pa jeke, chingwe chokokera ndi mashako ake (zitsulo zolumikizira chingwecho ku galimoto), ndi zomatira pancha.

China chimene anthu sachidziwa ndi udzu. Njira zija pakati pake pamamera udzu wautali, njere zake zimatseka rediyeta injini nkutentha, ndipo udzu wina umakodwa pansi pafupi ndi ekizozi nkuyamba kufuka, galimoto zapsapo kutchire chifukwa cha zimenezi. Mangani kaneti kutsogolo kwa gilu, ndipo muziima pakapita kanthawi nkusuzumira pansi, kawaya kopinda nkokwanira kukokera udzuwo. Chozimitsira moto chikhale pofikira dzanja osati pansi pa katundu.

Mapu mutsitsiretu mu foni, Tracks4Africa ndi imene inatithandiza ulendo wachiwiri, netiweki mukadutsa Mmatshumo musaidalire. Ndipo muuze munthu mmodzi wodalirika kuti tikulowa tsiku lakuti, tikapanda kuimba pofika tsiku lakuti nthawi yakuti uyambe kufunsa. Zikavuta musasiye galimoto nkuyamba kuyenda wapansi pa mchere paja, mtunda umanamiza, chinthu chooneka pafupi chimakhala pa makilomita ambiri, ndipo ofufuza amaona galimoto msanga kusiyana ndi munthu.

BamboAkeTada:

Akuluakulu zikomo kwambiri, mwanditsegula maso. Ndawawerengera mayi a kunyumba zonse, nkhani ya madala yotitimira ija anangoti kakasi. Tagwirizana kuti pa Isitala tikhala, tidzanyamuka mu July ana akatsekera. Filiji ndi njinga ndizitumiza padera ndi anyamata a transport amene amapita ku Lilongwe, thirela isiyidwe kuno komwe. Ndalankhulanso ndi mnzanga wa ku tchalitchi ali ndi Pajero ya 4x4, akuti iye ndi mkazi wake akhoza kutiperekeza mpaka ku Kubu nkubwerera ku Joni ife tikamapitirira. Gweta ndaisiya.

Chatsala ndi ichi, tikatuluka ku Letlhakane kupita ku Nata tidzere kuti poti njira yachidule ija mwaikana? Komanso mchere uja suononga galimoto pansi?

NaphiriWakuFrancistown:

Mwachita bwino bambo. Kuchokera ku Letlhakane tengani msewu wa tala wa Orapa kupita ku Francistown, mugone kuno, mmawa mulowe wa ku Nata. Ndi kozungulira koma ndi tala yokhayokha ndipo mashopu ndi mafuta zilipo. Ku Orapa kwenikweniko simungalowe popanda chilolezo poti ndi tauni ya mgodi wa dayamondi, mumangokhota musanafike pa geti. Musanafike Nata kumanzere kuli Nata Bird Sanctuary, ndi Sua Pan yomweyo koma mbali ya kumpoto, chaka chimene madzi achedwa kuphwa ana akhoza kuona ma flamingo ndi avuwo, muime ngakhale ola limodzi.

Mchere umadyadi chitsulo, nde mukangotuluka pitani ku car wash ku Letlhakane konko muwauze apopere pansi ndi madzi amphamvu, mmatayala mkati, ma brake, chassis yonse, musadikire kukafika ku Mchinji. Air filter nayo muichotse muigugude, fumbi lake ndi losalala ngati ufa limalowa paliponse, zovala ndi zakudya muike mmapulasitiki omanga. Ndipo tsiku lolowa nyamukani ku Letlhakane isanakwane 9 mmawa, mtunda suli wautali koma ife unatitengera maola atatu ndi kuimaima, mufike dzuwa likadali pamutu mumange tenti mosathamanga. Mukadutsa kuno mundiuze, ndidzakusungirani ufa woyera wa kumudzi woti mukaphikire panjira.